Ndinachira TB, Koma Ntchito za Pakhomo Zikundibanikitsa

Funso: Ndine mayi wa zaka 54 ndipo ndimakhala ku Mulanje. Ndinadwala chifuwa chachikulu cha TB, ndinamwa mankhwala kwa miyezi 6 osadumphitsa, ndipo achipatala anandiuza kuti ndachira koma mapapo anga anatsala ndi zipsera. Kuyambira pamenepo, ndikasenza ndowa kuchokera kumjigo kapena ndikavundula nsima ya banja lonse, ndimabanika mpaka kukhala pansi. Ena pamudzi amati ndayamba ulesi, ena amati ndizingogona. Kodi ndichite chiyani kuti ndizithabe kusamala pakhomo panga?

Yankho: Mayi, amene akukunenani ulesi sakudziwa kuti kwa inu kupuma kokhako ndi ntchito. Mapapo okhala ndi zipsera satambasuka bwino, choncho minofu ya pachifuwa imalimbikira kwambiri kuti ikoke mpweya umene munthu wina amaukoka osaganizirako n'komwe. Mphamvu zanu za tsiku limodzi zili ngati chimanga cha m'nkhokwe m'chaka chimene simunakolole bwino: mukachitapa mosayeza, sichifika kutali. Zipserazo sizichoka, koma kagwiridwe ka ntchito mungathe kukasintha.

Yambani ndi kapumidwe. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga chamumtima mpaka kawiri, kenako muutulutse pang'onopang'ono pakamwa, milomo mutaisongola ngati mukuuzira phala lotentha, mukuwerenga mpaka kanayi. Kutulutsa mpweya motere kumathandiza kuti timachubu ta m'mapapo tisatsekeke msanga, ndipo mpweya wakale umatuluka n'kusiya malo a watsopano. Phunzirani zimenezi mutakhala phee, kuti podzabanika thupi lidzakhale litazolowera kale. Ambirife timagwira mpweya tikamanyamula chinthu cholemera, koma inu muzikoka mpweya musananyamule, n'kumautulutsa pa nthawi imene mukunyamulayo, mukudzuka pansi kapena mukukwera chitunda. Mukabanika, khalani pampando, weramirani kutsogolo pang'ono, zigongono zili pamaondo, mapewa mutawamasula, ndipo pumani monga ndafotokozeramu mpaka phuma litatsika.

Ntchito zimene zimabanikitsa kwambiri ndi zokweza manja pamwamba pa mapewa ndiponso zowerama. Manja akakwera, minofu ya m'mapewa ndi pachifuwa imene imathandizira kupuma imatanganidwa ndi kugwira manjawo; mukawerama kwambiri, mimba imapanikiza mnofu waukulu wopumira umene uli pansi pa mapapo. Ndowa ya malita 20 imakhala ndi madzi olemera makilogalamu 20, ndipo poisenza mumawerama, kuikweza, kenako n'kuyenda dzanja lili m'mwamba. Pa ntchito zonse za pakhomo, imeneyi ndi imene ndingakonde kuti muipereke kwa ana kapena adzukulu popanda kuchita manyazi. Ngati palibe wokuthandizani, tungani m'chigubu cha malita 5 kapena 10, kapena ikani zigubu pa wilibala kapena panjinga n'kumakankha, pakuti kukankha kumafuna mphamvu zochepa kusiyana ndi kusenza. Mtondo ndi munsi muzisiye, chimanga chipite kuchigayo.

Zina zonse n'zongosintha pang'ono. Tsitsani chingwe choyanikira zovala kuti chifike pachifuwa, ikani beseni lochapira pamalo okwera, ndipo tsache mulimangirire kumtengo wautali kuti muzisesa mutaimirira, mutayamba mwawaza madzi kuti fumbi lisabuke. M'bafa ikanimo kampando, musambe mutakhala pakampandopo, ndi madzi ofunda osatulutsa nthunzi yambiri, ndipo mukatha dzifunditseni chitenje kuti chiyamwe madzi m'malo modzipukuta mwamphamvu. Nsima muziphika mutakhala pansi, ufa, mthiko ndi chipande zili pafupi, ndipo ikayamba kulimba, wina akuvundulireni. Musaunjike ntchito zolemera tsiku limodzi, ndipo muzipumula musanatope, chifukwa munthu amene wafika pobanikiratu amatenga nthawi yaitali kuti abwerere mwakale.

Za utsi sindinganyengerere. Kuphika ndi nkhuni m'khitchini yopanda mawindo kumawononga mapapo abwinobwino, nanji anu amene anavulala kale. Phikirani panja kapena pamalo popita mphepo, gwiritsani ntchito nkhuni zouma, ndipo musamauzire moto ndi pakamwa. Mbaula ya dothi ya Chitetezo imadya nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa, koma nayonso imafuka, choncho malo ake ndi panja pomwepo. Anthu akamatentha zinyalala m'minda pososa, khalani kutali. Pa chakudya, idyani pang'onopang'ono kangapo patsiku, popeza mimba yodzaza kwambiri imapanikiza mapapo.

Amene akukuuzani kuti muzingogona akukufunirani zabwino, koma uphungu wawo ndi woopsa. Minofu yosagwira ntchito imafooka, ndipo minofu yofooka imafuna mpweya wochuluka pa ntchito yaing'ono, moti pakapita miyezi mungadzabanike ngakhale popita kuchimbudzi. Mphamvu zimene mwasunga posiya kusenza ndowa muzigwiritse ntchito poyenda pamalo athyathyathya tsiku lililonse, pa liwiro limene mungathe kulankhula ndi mnzanu, n'kumawonjezera mtunda pang'onopang'ono. M'miyezi yozizira ya June ndi July, makamaka kukachita chiperoni, dikirani kuti kunja kuyambe kwafunda. Ngati kuchipatala anakupatsani mankhwala opopera m'kamwa, monga salbutamol, afunseni akuonetseni kapoperedwe koyenera ndiponso ngati mungapope musanayambe ntchito yolemera.

Munthu amene anadwalapo TB akhoza kudwalanso. Mukaona kuti chifuwa chakula, makhololo asintha mtundu kapena muli magazi, mukutentha thupi, mukutuluka thukuta usiku, mukuwonda, miyendo ikutupa, kapena mukubanika ngakhale mutangokhala, pitani kuchipatala msanga kuti akakupimeni makhololo, ndipo musaiwale kutenga buku lanu la kuchipatala.