Kodi kukopera zithunzi za akatswiri akale n'kuba?

FUNSO: Ndimajambula nkhope pa makoma a masaluni ndi malo ometera ku Chirimba. Tsopano ndagula machubu a penti wa mafuta, ndikufuna kuphunzira kujambula munthu weniweni. Mnzanga akuti ndizikopera zithunzi za azungu akale, koma mtima ukundiuza kuti n'kuba. Komanso khungu lathu lakudali ndingaliphunzire kwa iwo? Wowerenga wa ku Blantyre.

YANKHO: Achimwene, mtima ukhale m'malo. Kuba n'kugulitsa chokoperacho ngati chenicheni, kapena kunena kuti ndi maganizo anu. Ku Louvre, nyumba yotchuka yosungiramo zojambulajambula mumzinda wa Paris, ojambula akhala akuloledwa kukopera kuyambira 1793, bola chithunzi chawo chisalingane kukula ndi chenichenicho ndipo asakopere siginecha ya mwini. Wojambula wa ku France Edgar Degas analembetsa kukopera kumeneko mu 1853 ali ndi zaka 18. Katswiri wina, Rubens, naye ali wotchuka kale, atafika ku Madrid mu 1628 anakhalira pansi kukopera ntchito za Titian, wojambula wakale wa ku Italy.

Za khunguzo, yambani ndi chithunzi chimene ine chinanditsegula maso: Juan de Pareja, chimene katswiri wa ku Spain Diego Velázquez anajambula ku Rome mu 1650. Pareja anali munthu wa khungu loderapo, kapolo wogwira ntchito kwa Velázquez, ndipo atamasulidwa anakhala wojambula payekha. Chithunzicho chili ku Metropolitan Museum of Art ku New York, ndipo pa intaneti amachipereka ulere. Chisindikizeni papepala lalikulu, za pafoni zimakunamizani mitundu.

Mukachiyang'anitsitsa muona kuti nkhopeyo ilibe mzere wakuda wozungulira mphuno kapena milomo, monga timachitira pakhoma la saluni. Chizolowezi chimenechi ndicho chikuvuteni kusiya. Tsinzinani pang'ono mpaka maso ndi ndevu zisokonekere, mutsale ndi zigawo ziwiri zokha: pamene pagwa kuwala ndi pamene pali mthunzi. Pakani nsalu yonse burnt umber (penti wabulauni woderapo) wosungunula ndi turpentine (mankhwala osungunulira penti wa mafuta), kenako kulungani kansanza kuchala n'kupukuta pamphumi, pamphuno ndi pakolala yoyera ya chovala chake. Mutu uzitulukira wokha musanajambule diso.

Ine ulendo woyamba ndinathamangira maso. Ndinatha masabata awiri ndikuwasalaza, ndipo nditabwerera m'mbuyo ndinapeza kuti mutu wonse wapendekeka. Zinandiwawa, koma ndinafufuta.

Mitundu isachuluke: yellow ochre (wachikasu wooneka ngati dothi), burnt umber, wofiira mmodzi, wakuda ndi woyera. Khungu lakuda si bulauni mmodzi ayi. Patsaya pamafiirira, pachibwano pamazizira ngati phulusa, ndipo pamene pawala si poyera mbee. Yerekezani mphumi ndi kolala ija, muona kusiyana kwake. Penti woyamba akhale wopyapyala, mafuta a linseed (osakanizira penti) muziwonjezera pang'onopang'ono pamwamba. Mukatembenuza dongosololi, wapamwamba amauma msanga kuposa wapansi ndipo chithunzi chimang'ambika ngati dothi la m'dambo mu Okutobala. Turpentine muzigwiritsa ntchito mawindo ali otsegula.

Mukakopera katatu, lembani kumbuyo kwa nsalu kuti "Kukopera Velázquez" ndi chaka chake. Kenako pemphani amayi kapena mnansi akhale pafupi ndi windo m'mawa, kuwala kuchokere mbali imodzi, manja ali pamiyendo, ndipo muyambe ndi kansanza komwe kaja.