Makomboni a Lusaka amafanana ndi kwathu, koma chidindo cha m'pasipoti n'cha eni dziko

Achemwali, mwafunsa kuchokera ku Kasungu ngati n'zoona kuti m'madera ena a mumzinda wa Lusaka munthu amakhala ngati ali ku Malawi, komanso ngati zimenezi zikutanthauza kuti mukhoza kuyamba geni yokapikula katundu kumeneko mosavuta. Ine ndimakhala pa Boma la Mchinji ndipo msewu umenewo ndauyenda zaka zambiri, choncho ndikuuzani zimene ndaona.

Zoti kumafanana n'zoona ndithu. Mukatsika basi pa Intercity n'kukwera minibasi yopita ku Mtendere, ku Chawama, ku Matero kapena ku komboni ina yomwe dzina lake ndi Chipata, simudzasowa womufunsa njira, chifukwa chilankhulo cha m'misika ndi cha makondakitala ndi Chinyanja. Izi zili ndi pochokera pake. Lusaka inasanduka likulu mu 1935, ndipo ambiri mwa anthu amene anapita kukafuna ntchito kumeneko anali Achewa, Ansenga ndi Angoni a kuchigawo cha kummawa, abale athu enieni, pomwenso apolisi a nthawi ya atsamunda ankagwiritsa ntchito Chinyanja. Pa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, anthu a kuno nawonso ankawoloka mwaunyinji, ndipo ena sanabwerere. Mpaka lero mafumu athu amapita ku Mkaika, ku Katete, mwezi wa Ogasiti kukalambira Kalonga Gawa Undi pa mwambo wa Kulamba. Ndiye musadabwe mukapeza Aphiri, Abanda ndi Ambewe khomo ndi khomo, mbaula ikuyaka pakhonde, mayi akupakula nsima ndi chipande monga mmene mungachitire kwanu ku Santhe.

Koma khutu la wogulitsa ndi lakuthwa. Ulendo wanga woyamba ndinaima pa benchi ya masamba mu msika wa Soweto n'kunena kuti, "Ndikufuna nkhwani ndi kholowa." Mayiyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, naseka, nati, "Ndimwe ba ku Malawi?" Kumeneko nkhwani ndi chibwabwa, kholowa ndi kalembula, bonongwe ndi bondwe, kaunjika amati salaula, okala amati kantemba, ndipo kathumba ka ufa komwe ife timati walkman iwo amati pamela. Munthu wa mu Lusaka amati "nifuna", ndipo Chinyanja chake n'chosakanikirana ndi Chibemba ndi Chinsenga, moti Chichewa chathuchi amachiona ngati chozama, cha m'Baibulo. Pa masamba zinathera pa kuseka, koma pa mtokoma wa zitenje kudziwika kuti ndinu mlendo kumakweza mtengo. N'chifukwa chake wongoyamba kumene amayenda ndi mnzake wozolowera, ndipo amakhala chete mpaka mtengo utatchulidwa.

Kufanana kumeneku ndiko kumayendetsa geni yathu kuposa mpamba. Ambirife sitigona m'malo olipira; timafikira kwa wachibale kapena kwa mnzathu wa mumpingo m'komboni, amene amatisungira katundu m'chipinda, kutiuza sitolo yomwe yatsitsa mtengo ku Kamwala, ndiponso kutipezera makasitomala. Mpunga wa Kilombero, usipa wa kunyanja ndi mtedza wa kuno ku Mchinji sizivuta kugulitsa kwa anthu oti anakulira zakudya zomwezo, ngakhale usipa umalimbana ndi kapenta wawo. Pobwerera timanyamula sopo, mabisiketi, zakumwa ndi zitenje zochokera ku Kamwala ndi ku msika wa COMESA.

Nkhani ya mapepala ndi imene ndikufuna muimvetsetse. Chipata cha Mwami ndi Mchinji chinasanduka malo amodzi ochitira zonse mu Disembala 2022, pamene a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anatsegulira nyumba zatsopano, choncho masiku ano simuimanso kawiri ngati kale. Kapepala ka border pass kamathandiza wopita pafupi, monga ku Chipata, koma wopita ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 550 kudzera ku Katete, Petauke, Nyimba ndi pa mlatho wa Luangwa, ayenera kukhala ndi pasipoti. Mmalawi safuna viza polowa mu Zambia, koma masiku amene akudindirani ndi owerengeka, ndipo a ulendo wa malonda ndi ochepa kusiyana ndi a ulendo wokacheza. Ndikudziwa mayi wina amene anazolowera ku Matero mpaka kuiwala kuyang'ana chidindo chake, poti ankapemphera ndi kuseka m'chilankhulo chake. Pobwerera chindapusa chinamudyera phindu lonse la ulendowo.

Amalonda ang'onoang'ono tili ndi ndondomeko ya COMESA, bungwe la malonda la maiko a m'chigawo chino, yotchedwa STR, imene imalola katundu wosapitirira mtengo woikika kulowa wopanda msonkho wa kasitomu, bola akhale wopangidwa kapena wolimidwa m'dziko limene mukuchokera, ndiponso akhale pa mndandanda umene maiko awiriwa anagwirizana. Pachipata pamakhala desiki yothandiza kulemba mafomu ake. Anthu ambiri amalakwitsa poganiza kuti STR imachotsa msonkho wonse, pamene VAT ndi misonkho ina ya m'dziko imalipidwabe. Ndipo nsapato kapena zikwama za ku China, ngakhale mwazigula pakati pa Lusaka, sizilowa m'ndondomekoyi. Mbewu zina zimafuna chilolezo chotulutsira kunja, ndipo boma limatha kuletsa kutulutsa chimanga chaka cha njala, choncho funsani musanagule matumba. Za njira za zalewa, zomwe anyamata a njinga amadutsitsirako katundu usiku, sindingakulangizeni, chifukwa katundu akalandidwa kapena akasowa kumeneko mulibe kokadandaula.

Pomaliza pali ndalama. Zonse ziwiri dzina lake ndi kwacha, koma mphamvu zake n'zosiyana kutalitali: Zambia inachotsa maziro 3 pa ndalama yake mu 2013, ndipo kwacha yathu inatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mtengo mukaumva m'Chinyanja umamveka wochepa, ndiye muzisintha kaye m'mutu, muwonjezere thiransipoti, ya onyamula katundu ndi msonkho, kenako muyerekeze ndi mtengo wa pa msika wa Kasungu. Ulendo woyamba musapitirire Chipata. Kapikuleni katundu wochepa kumeneko, mudutse naye pachipata masana ndi mapepala onse, ndipo mukadzafika pa Mchinji tidzawerengere limodzi zimene zatsala m'chikwama tisanakambe za Lusaka.