Usanagule simenti ya chiliza cha bambo ako

Mdzukulu wanga, uthenga wako andiwerengera pa foni. Ukuti patha chaka chimwalirireni bambo ako, ndipo iwe ndi abale ako a ku Blantyre mwagwirizana zomanga chiliza mvula isanagwe. Ukufunsa ngati matailosi akwanira kapena mugule mwala wosema, ngati musindikize nsalu za nkhope yawo, komanso mawu oti mulembepo. Mtima ukhale m'malo. Mangani monga thumba lanu likulolera, mulembepo dzina ndi zaka, abusa apemphere, basi. Palibe adzakuimbeni mlandu. Koma ine ndimayembekeza kuti undifunsa kuti tsiku limenelo anthu adzadya bwanji, chifukwa ife bambo ako tinawadziwira pa nsima.

Kulimbika kwawo ukukudziwa. Mvula ikagwa ali ku mphala ndi thonje ndi mapira, madzi a Shire akaphwa ali kudimba kubzala chimanga ndi mbatata pa chinyontho. Dzuwa la kuno ku Bangula likamayamba kuthamangitsa anthu m'minda, iwo amakhala atamaliza kale ndime yawo. Thonje ankalisankha okha usiku pa nyali, loyera padera, lodetsedwa padera, n'kulikweza pa ngolo kupita kumsika wa ADMARC. Zaka zina ankapita kukadula nzimbe ku Nchalo, kampani ija ikutchedwa SUCOMA. Komatu olimbika analipo ambiri m'chigwa muno, ndipo ena anamwalira nkhokwe zili tho, olira n'kusowa pa maliro awo.

Bambo ako anakakamira chidyerano. Iwe unali wamng'ono, koma mtengo wa bwemba uja wa kuseri kwa khola sungauiwale. Madzulo mayi aliyense ankaphika pa mafuwa ake, koma mbale zonse zinkathera pamenepo, amuna ndi anyamata pamphasa yawo, amayi, atsikana ndi tiana chapatali pang'ono. Nsima ya mapira, ya mchewere, ya chimanga kwa amene anali nacho. Uku mlamba wowamba, uku makakana, uku thelele lopanda ndi mchere womwe. Mbale zikasakanikirana, palibe ankadziwanso kuti yaumphawi yachokera khomo liti. Mwana wa mayi wamasiye ankasamba m'manja m'beseni limodzi ndi mwana wa mwini ng'ombe, n'kukagona atakhuta popanda mayi ake kugwada pakhomo pa munthu. Wodutsa m'njira, kaya akuchokera ku Makhanga kaya ku Tengani, bambo ako ankamuitana asanamufunse dzina. Nkhani za dzina zinkabwera munthu atatsuka m'kamwa. Ndipo pamphasa pomwepo ndi pamene anyamata ankamvera za malire a minda, za maukwati, za mmene munthu amayankhira akulu. Mwana wadyera ankadzudzulidwa ndi aliyense, osati bambo ake okha.

Cha m'ma 1986 nkhondo itakula ku Mozambique, anthu anakhamukira kuno mpaka m'madera ena a Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Banja lina lofika ndi mitolo pamutu, bambo ako analipatsa malo kuseri kwa nyumba ndi kandime kudimba. Anadya pansi pa bwemba paja mpaka mtendere wa 1992 utabwera ndi pamene anayamba kuganiza zobwerera. Chaka chomwecho chilala chinatentha mapira m'minda. Amayi ankapita ndi mabwato m'madambo kukazula nyika, ng'ona zili pomwepo, ena tikudikira chimanga chachikasu chathandizo. M'midzi yambiri chidyerano chinathera chaka chimenecho, poti njala imaphunzitsa munthu kudya chobisala. Bambo ako anagulitsa ng'ombe yapagoli, chinthu chimene mlimi sachita mwachisawawa, kuti mphasa ija isapindidwe.

Pano ndisaiwale mayi ako. Ulemu wa kupatsa timaupereka kwa mwamuna, koma wosinja mapira onsewo, wotunga madzi, wotsala ndi nkute yochepa anali iwowo. Tsiku la chilizalo wolankhula aliyense awatchule.

Akulu anati kupatsa n'kuika. Madzi a mu Januwale 2015 atagwetsa nyumba yawo, bambo ako ali okalamba kale, ndinaona ndi maso anga anyamata amene anakulira pamphasa paja akubwera osaitanidwa, wina ndi mitengo, wina ndi udzu, wina ndi mbeu ya mbatata. Iwe unatumiza ndalama, unachita bwino, koma denga linali litakwera kale.

Sindikuti inu a lero ndinu oipa mtima. Madzi atibalalitsa kangapo, mu 2015, mu 2019, ndiye namondwe wa Freddy mu 2023, ndipo m'misasa thandizo amalemba khomo ndi khomo, aliyense n'kuphunzira kusunga thumba lake. Ndiwo nazonso masiku ano n'zogula. Zimenezo ndikumvetsa. Chimene chimandiwawa ndi chimene ndimaona pa ziliza za masiku ano. Mahema, zokuzira mawu, onse atavala nsalu imodzi. Nthawi ya chakudya ikakwana, ochokera m'tauni amawalowetsa m'nyumba ku mpunga ndi nkhuku, pamene anthu a m'mudzi, amene anakumba manda ndi kugona pa siwa, akupatsidwa nsima ya kabichi kuseri, ena n'kubwerera osalawa. Mwana wanga, zimenezo zisachitike pa chiliza cha munthu ameneyu. Mungawachititse manyazi pamaso pa anthu amene anadya nawo moyo wawo wonse.

Ndalama ya nsaluyo gulani mbuzi, ufa ndi mchere. Uzani a mfumu nthawi ikadalipo, ndipo amayi a m'mudzi adziwe kuti aliyense aphika kwake n'kubweretsa chimene ali nacho, ngakhale chisoso. Mphika wapadera wa alendo pasakhale. Iwe ndi abale ako muvule nsapato, mukhale pamphasa, ana anu aja osadziwa nsima ya mapira asambe m'manja ndi anzawo. Mafoni akhale m'matumba mpaka mbale zitachoka.

Ndiye pali ichi chimene sunandifunse. Chichokereni bambo ako, mayi ako amaphika kamphika kakang'ono n'kudya okha pakhonde, ndipo ndaona akuonda. Pali ana awiri amasiye a kuseri kwa tchalitchi amene ankadya pakhomo panu masiku onse. Pa ndalama imene umatumiza mwezi ndi mwezi uwonjezeko ya ufa, uwauze mayi ako kuti ndi ya anawo, aziwaitana madzulo. Paokha sangakupemphe, akuopa kukulemetsa. Ukabwera kudzaona za njerwa, uyambe wafika kwa ine tikambirane za mbuziyo.