Tigule mbewu kaye kapena tiyambire pati? Yankho kwa achinyamata a ku Turffontein

Talandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina amene ndi wapampando wa achinyamata pa mpingo wina wa Amalawi ku Turffontein, dera la kumwera kwa mzinda wa Johannesburg ku South Africa. Akuti alipo 14, kuseri kwa holo imene amapempherera kuli kamalo kongogona, ndipo akufuna kulimapo ndiwo zamasamba kuti nawonso achitepo kanthu pa vuto la zinyalala ndi kusintha kwa nyengo. Asonkherana R1,500. Funso lawo ndi lakuti: agule mbewu ndi feteleza, kapena ayambire pati?

Achemwali, ndalamayo ibakhala kaye m'thumba. Yambani ndi mulu wa manyowa, mbewu zibwera pambuyo.

Inu a ku Turffontein mtaya wa Robinson Deep mumachita kuuona ndi maso. Makoko a mbatatesi ndi masamba a kabichi amene galimoto za Pikitup, kampani yotola zinyalala mumzindawu, zimakatula kumeneko amakwiririka, n'kumawola popanda mpweya, ndipo amatulutsa methane, mpweya umene umatenthetsa dziko kwambiri kuposa carbon dioxide. Makoko omwewo akawolera pa mulu wopita mphepo amasanduka chakudya cha nthaka. Apa ndi pamene gulu la anthu 14 lingathandize zenizeni, ndipo sizilira ndalama.

Musanagwire khasu, pezani kalata yosainidwa ndi mwini malowo, yonena kuti mulimapo kwa nthawi yaitali bwanji komanso ndani azilipira madzi. Chilolezo cha pakamwa chimatha tsiku limene bilu ya madzi yakwera.

Tsopano muluwo. Pezani mapaleti anayi (matabwa okhomedwa pamodzi amene amasanjikapo katundu), muwaimike ngati khola, mumange ndi waya m'makona. Yang'anani chidindo cha pa thabwa: olembedwa HT ndi abwino chifukwa anangotenthetsedwa pophera tizilombo, koma a MB asiyeni, anathiridwa mankhwala. Kholalo likhale mita imodzi mbali zonse ndi msinkhu womwe. Likachepa kuposa pamenepo mulu sutentha mokwanira. Limalowa ndowa za malita 20 pafupifupi 50, ndipo pa ndowa zitatu zilizonse, ziwiri zikhale za zouma, imodzi ya zaziwisi. Zouma ndi masamba ogwa m'mitengo, udzu wouma, makatoni ong'ambang'amba. Zaziwisi ndi makoko, zotsala za ndiwo zosaphika, udzu wongotchetcha kumene, zitosi za nkhuku ngati zilipo. Zaziwisi sizisowa, amayi ogulitsa masamba m'misewu amataya zambiri madzulo aliwonse. Zimene zimasowa ndi zouma. N'chifukwa chake mu Meyi ndi Juni, mitengo ya m'misewu ya Johannesburg ikamayoyola masamba, muzitolera m'matumba n'kusunga a chaka chonse.

Pansi penipeni yalani timitengo kuti mphepo izilowa. Kenako zouma masentimita 15, zaziwisi masentimita 7 kapena 8, dothi lodzadza manja awiri, n'kuwaza madzi. Bwerezani mpaka kudzadza, ndipo pamwamba mumalize ndi zouma, kenako muphimbe ndi masaka. Amene munakulira kumudzi mukukumbuka manyowa a changu amene alangizi amaphunzitsa. Nzeru yake ndi yomweyi. Chinyezi mumachiyesa ndi dzanja: tapani za m'kati, finyani. Pakatuluka dontho limodzi kapena awiri, zili bwino. Madzi akachita kuyenderera m'zala, mwachulukitsa. Zikangoyoyoka, onjezani madzi.

Zikani chitsulo pakati pa mulu. Pakatha masiku atatu kapena anayi muchizule, chiyenera kutentha moti simungachigwire nthawi yaitali. Kutentha kumeneku, kwa madigiri 55 mpaka 65, ndi kumene kumapha njere za udzu ndi tizilombo ta matenda. Tembenuzani sabata iliyonse kapena ziwiri zilizonse, zakunja zilowe m'kati. M'dzinja manyowa amapsa pa miyezi iwiri kapena itatu, nthawi yozizira amachedwerapo.

Mulu ukanunkha ngati mazira owola, ndiye kuti wanyowa kwambiri ndipo mphepo sikulowa: tembenuzani, muonjezere makatoni. Ukanunkha mkodzo, zaziwisi zachuluka. Ukangokhala zii osatentha, wauma kapena zaziwisi zachepa. Koma chimene chimathetsa ntchito ngati iyi msanga ndi makoswe, chifukwa aneba akangodandaula mwini malo amakuuzani kuti muchotse zonse. Makoswe amatsata nsima, mpunga, mafupa ndi mafuta. Zophika zisalowe ngakhale pang'ono, ndipo ndowa iliyonse ya makoko imene anthu abwera nayo Lamlungu wina aziyang'ana m'kati isanakhuthulidwe. Tikutsindika izi chifukwa anthu amabweretsa mkute ndi mtima wabwino, poganiza kuti akuthandiza.

Dothi la pamalopo musalikhulupirire msanga. Kumwera kwa mzinda uno kuli milu ya mchenga wa m'migodi yakale ya golide, fumbi lake limauluka ndi mphepo ya mu Ogasiti ndipo limakhala ndi zitsulo zoipa m'thupi. Kuseri kwa nyumba zakale kumakhalanso zigumu ndi penti yothothoka. Choncho mangani mabedi okwera masentimita 30, m'lifupi mita 1.2 kuti dzanja lizifika pakati osapondapo, m'litali mamita atatu. Bedi limodzi lotere limadya dothi loposa pang'ono kiyubiki mita imodzi. Ndalama yanu ija ipite kumeneko, ku dothi labwino logula, foloko yotembenuzira manyowa ndi kheni yothirira. Mulu wanu ukapsa udzatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu, malita 300 kapena 400, okwanira kuyala masentimita 5 pa mabedi awiri. Ndiye yambani ndi awiri okha.

Nyengo ya kuno si ya ku Salima. Johannesburg ali pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo mu Juni ndi Julayi chisanu chimawaula mbewu. Mpiru, repu ndi sipinachi zimapirira, mungafese mu Malichi n'kumathyola nyengo yozizira. Nkhwani, bonongwe ndi therere dikirani kumapeto kwa Seputembala kapena Okutobala. Matalala a m'dzinja amaboola masamba, choncho mukagulitsa mpiru woyamba mugule neti yophimba pamwamba.

Kukatentha, bedi limodzi limafuna ndowa imodzi ya madzi patsiku, ndipo mukaphimbira ndi udzu limafuna ochepera. Thirirani m'mamawa kapena madzulo ndi kheni, pakuti malamulo a Johannesburg Water amaletsa kuthirira ndi payipi masana. Za thanki muganize chaka chamawa. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ya denga ndi lita imodzi, ndipo kuno mvula imagwa mamilimita pafupifupi 700 pachaka, kotero denga la holo lingakumwetsereni mabedi ambiri.

Pa kagawidwe ka ntchito, musamati "tonse tizibwera". Ambiri a inu Loweruka mumakhala ku maganyu. Ikani anthu awiri pa sabata, maina alembedwe pa khoma la holo, ndipo akatembenuza mulu atumize chithunzi pa gulu la WhatsApp. Ndandanda ya Disembala muikonze mu Novembala, anthu asanakwere mabasi opita kumudzi, chifukwa ndi mwezi umene mulu umawola msanga ndipo mabedi amauma pa masiku awiri okha mvula ikadula.