Ine ndinataya mabotolo awiri m'chimbudzi

Asisi amene mwalemba mobisa dzinanu, ndawerenga positi yanu ndili mu minibasi mpaka ndadutsa siteji yanga osadziwa, mtima kugunda ngati ndaba. Mng'ono wanuyo amene wasiya ma ARV chifukwa auzidwa kuphiri kuti wachira, ameneyo ndi ine wa 2021, palibe kusiyana olo pang'ono. Ndipo inu amene mukulemba m'makomenti kuti "musiyeni ndi wamkulu ameneyo", ndi enanu a "amen wachira basi", tayambani mwakhala chete mumve kaye, chifukwa tsiku lomunyamula usiku simudzakhalapo.

Ine ndinapezeka ndi kachilombo ka HIV mu 2012 kusikelo, mimba ya mwana wanga wachiwiri. Nthawi imeneyo boma linali litangoyamba kumene zoti mayi woyembekezera akapezeka nako ayambe ma ARV pompo mpaka moyo wonse osadikira za CD4, muyezo wa chitetezo cha m'thupi uja, nde ndinatuluka m'kachipinda muja botolo lili m'chikwama ndisanamvetse n'komwe chimene chandigwera. Anali ma 5A aja, amene munamwako mukudziwa, chizungulire ngati wamwa kachasu, maloto oti ng'ombe zikukuthamangitsa mumsika wa Limbe. Koma ndinamwa. Mwana anabadwa, anamuyeza pa masabata 6, pa chaka chimodzi, pa zaka ziwiri, alibe. 2019 anatisinthira atsopano aja okhala ndi dolutegravir, maloto anatha, thupi linabwera mpaka anzanga a kaunjika kumandinena kuti belo likuyenda eti. Kenako anayamba kundipatsa a miyezi 6 kamodzi. Zonse zinali bho.

Chimene chinandigwetsa ine inali nkhani yabwino, mungakhulupirire? Viral load yanga, zoyeza kuchuluka kwa kachilombo m'magazi zija, inatuluka yoti kachilombo sikakuoneka. Anandifotokozera inde koma mothamanga, mzere unali mpaka panja, ine ndinangomva mawu awiri okhawo, sikakuoneka, basi. Lamulungu ndinapita nako kapepala kaja kwa mneneri wina amene ndinkapempherako, munthu ameneyu anakakweza m'mwamba pamaso pa mpingo wonse, ati onani sayansi yagwada, azimayi nthungululu, ine misozi mbwembwembwe, kenako anandiyitanira pambali ati mwana wanga ukapitiriza kumwa ndiye kuti ukumuuza Mulungu kuti wanama. Madzulo omwewo ndinatenga mabotolo awiri akuluakulu, a miyezi 6 yonse, ndinawatsegula n'kukhuthulira m'chimbudzi, ndikukumbukira phokoso lake mpaka lero ngati ukuthira chimanga m'ndowa. Panalibe ondiuza bwinobwino, kapena tinene sindinafune kumva, kuti kusaoneka kuja ndi mankhwalawo akapondereza, iko kali phee kabisala m'thupi, ukangosiya pakangopita masabata ochepa kayambiranso kuswana.

Pali mayi ena a gulu lathu la omwa ma ARV, sinditchula dzina, amene amathandiza kuchipatala kuja kutsatira anthu osowa, nawonso amamwa kuyambira kalekale ma ARV aulere atangoyamba mu 2004. Tsiku langa lokatenga litadutsa anabwera kunyumba. Ndinawanamiza kuti ndasamukira chipatala china. Anabweranso, ndinatuma mwana kuti akanene kuti amayi kulibe, chonsecho masilipasi anga ali pakhomo pomwepo iwo akuwaona. Kachitatu ndinatuluka ndekha n'kuwatukwana pamaso pa maneba, ndinati inu mumadya ndalama za mabungwe pa dzina lathu, ine ndinachira, mukasake odwala kwina. Mayi aja sanayankhe, anangoti chabwino mwanawe, nambala yanga usafufute. Ndinafufuta.

Ndinakhala chaka ndi miyezi ndili bwinobwino, ndipo apa ndi pamene pali msampha asisi, mng'ono wanuyo panopa akuoneka wathanzi ndipo aziti mukuona ine ndili bho. Inenso ndinkapereka umboni kutchalitchi, kuvina kutsogolo. Kenako mashingozi m'nthiti, ndinati ndi nsabwe za m'kaunjika. Kenako chitenje kuyamba kuzungulira kawiri. Kenako mutu. Abale mutu umenewo si wa panado, umayambira kunkhongo ngati wina wakumanga waya akumangitsa tsiku lililonse pang'onopang'ono, masabata awiri osaleka, kuwala kwa dzuwa kukulasa m'maso mpaka ndinakhoma mabulangete m'mawindo. Ndinamuimbira mneneri uja ati ndi mivi ya adani a kumsika, ndigule madzi odzozedwa botolo K5,000. Ndinagula atatu.

Usiku umene zinafika poipa ndinali ndi kamtsikana kanga kokha, ka zaka 10, bambo ake tinasiyana kale, wamkulu anali kumudzi. Ndinadzuka kuti ndikasanze m'beseni, ndinangoona pansi pakubwera, basi. Zotsalazo anandiuza ndi mwana. Ati ndinagwa pakati pa bedi ndi khoma, ndikuyankhula zosamveka, kumuitana dzina la malemu amayi anga, ndadziyipitsira, khosi lauma gwaa. Mwana anayesa kundikoka analephera, anapita kukagogoda kwa neba amene timapemphera limodzi, iwo anayankhira mkati ati tiyeni tigwirane m'pemphero mawa kucha, chitseko osatsegula. Mwana wa sitandade 4, 1 koloko usiku, magetsi atazima, anathamanga wapansi opanda nsapato kudutsa kumjigo mpaka kunyumba ya mayi aja amene ndinawatukwana, chifukwa ankakumbukira kuti tsiku lina anamupatsa mandasi pomwe ine ndinkawabisalira. Ndikamaganiza za mapazi a mwana ameneyu mumdima muja ndimalephera kudya. Mayi aja anadzutsa azibambo awiri a gulu, anandikulunga m'bulangete n'kundinyamula mpaka kumsewu poti galimoto kwathu sifika, ndalama ya galimoto anatulutsa pamfundo ya chitenje chawo.

Kuchipatala nditatsitsimuka pang'ono, nesi wina atatsegula buku langa n'kuona deti lomaliza, anakuwa wodi yonse kumva, ati awa ndi ma difota aja, mumasiya dala mankhwala kenako muzibwera kudzatitopetsa usiku. Ndinali gone sindingathe olo kutukula mutu, anthu onse pamabedi kucheuka, ma gadiyani kunong'onezana. Nesi ameneyo sindidzamuiwala ndipo ngati ali mugulu muno adziwe kuti mawu aja ndi amene amapangitsa anthu kufera kunyumba kuopa kubwerera. Ena onse anandisamala bwino, kunama kulibe, panali ka dokotala kena kachinyamata kankabwera olo nthawi yake yoweruka itakwana, koma uja yekha mxii.

CD4 inapezeka 41. Anati akuganizira meninjaitisi ya fangasi ija imagwira anthu amene chitetezo chatsikiratu, afunika kupopa madzi a kumsana. Apa ndiye achibale anga amene anafika m'mawa anayamba msonkhano pakhonde, akuluakulu ati ayi ameneyo asamubaye pamsana, aliyense opopedwa sabwerako, timutenge tikayese kwina. Mayi aja anangotembenuka pamaso pa atsibweni anga, kukweza bulauzi n'kuwaonetsa pamsana, ati ine anandipopa kanayi ndili pano ndikuyankhula nanu, anthu amafa chifukwa amabwera mochedwa osati chifukwa cha singano. Atsibweni anasowa chonena. Anandipinda ngati bongololo, maondo kuchibwano, mayi aja atandigwira mutu akundiyimbira pansipansi, ndinamva kuzizira kwa mankhwala opaka kenako kulasa, timadzi toyera mbee tikudontha m'kabotolo, ndipo ndikuuzeni zoona, waya uja anamasuka pomwepo, koyamba pa masabata awiri ndinagona tulo. Anandipopanso kawiri masiku otsatira poti madzi amadzadzanso. Dilipu yachikasu ija inandinjenjemeretsa mano kugundana mabulangete atatu osathandiza. Ma ARV sanandiyambitse pompo, anati tidikire kaye masabata angapo mutu uzizire apo ayi zimavuta kwambiri, ndinatuluka ndi fluconazole ndi bactrim thumba lodzadza. Khutu lamanzere mpaka lero silimva bwino, mukandiyitana kumsika ndikapanda kucheuka si matama.

Masabata awiri amene ndinagona muja, a kutchalitchi kuja amene ankaimba nthungululu sanabwere olo mmodzi, olo nthochi imodzi. Mneneri uja ndinamva kuti analalikira za ine, ati mlongo uja anakayika mumtima nchifukwa chake matenda anabwerera. Mpaka lero akuyenda pa galimoto yabwino ndipo ndikudziwa anthu awiri amene anataya mankhwala nthawi imodzi ndi ine, onse tinayika. Amene ankabwera ndi anthu a gulu amene ndinkawathawa pamsewu kuopa kuti anthu angandidziwe. Analemba mayina kuseri kwa kalendala, lero uyu mawa uyu, wina phala m'fulasiki 6 koloko m'mawa, wina kuchapa zitenje, wina kugona pansi pa bedi langa pa katoni, mwana wanga anakakhala kwa mayi aja osajomba kusukulu olo tsiku limodzi, ndalama ya thiransipoti inachokera m'thumba la ngozi la banki m'khonde yathu yomwe ndinali nditasiya kusonkha.

Ndimamuda mneneri uja, ndimamuda zedi, koma tsiku lina ndikudandaula chonchi mayi aja anandidula ati mwanawe dzanja lotsegula botolo linali la ndani? Ndinakwiya sabata yonse. Koma ndi zoona, linali langa, ndipo lomwe limatsegula panopa 6 koloko iliyonse alamu ikalira ndi langa lomweli, palibe angandimwere.

Nde asisi mng'ono wanuyo musamukalipire, musamuitanire msonkhano wa banja, musayambe zomunyoza m'busa wakeyo pamaso pake chifukwa adzangokutsekerani chitseko ngati mmene ndinachitira ine, munthu sungamukakamize kumeza, moyo ndi wake ayenera afune yekha. Komanso musadikire kuti afune yekha, ine anandidikira ndinatsala pang'ono kupita, mawa lomwe pitani kumene amatengera mankhwala mukafunse anthu otsatira osowa aja, auzeni zonse, amadziwa kayankhulidwe kake kuposa inu ndi ine, ndipo olo awatukwane azibwerabe. Akakana mukamutenge ndi bodza lomwe, muziti tiperekezeni ine ndikukayezetsa BP, Mulungu adzakukhululukirani. Akafika akapemphe kuyezedwa CD4, ikakhala pansi pa 200 pali zoyeza zina, ya magazi yoona fangasi ija isanafike kumutu ndi ya mkodzo yoona TB, ine ndikanayezedwa msanga bwenzi khutu langa lilipo. Akangoti mutu ukundipweteka masiku angapo osasiya, kusanza, khosi kuuma, kuyankhula zosokonekera, musamupatse panado n'kugona, nyamulani usiku omwewo. Mukasowa pofunsa imbani 929 Chipatala cha pa Foni, ndi ulere.

Za kupemphera asasiye ayi, ine ndimapempherabe, ndinangosintha kopita, abusa athu a panopa amanena pagome kuti imwani mankhwala ndi pemphero lomwe ndipo gulu lathu limakumana m'kalasi ya tchalitchi chomwecho Loweruka lachiwiri. Koma nkhani yake musafalitse kwa anthu, anthu ndi oipa asisi, neba uja osatsegula chitseko ndi yemwe anadzaza mjigo wonse kuti ndili ndi matenda. Uzani anthu ochepa okha. Ngakhale kunena zoona amene anandinyamula usiku uja ndi anthu omwewo amene ankadziwa, akanapanda kudziwa mwana wanga akanathamangira kuti? Kaya, muona nokha pamenepo.

Chinthu chimodzi chokha chitani lero musanagone, ngati ali ndi ana m'nyumbamo, aonetseni khomo loti akagogode usiku ndipo mwini khomolo adziwiretu. Ngati muli mbali ya Blantyre konkuno ndipezeni ku inbox, ine ndikhoza kupita nanu limodzi akaone khutu langali ndi zipsera za mashingozi, sindichitanso manyazi. A admin pepani ndatalikitsa, ndatsika ndikwere ina yobwerera.