Aphunzitsi a ku Lunzu afunsa: tiyambire pati, nanga ndalama tizitenga kuti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lunzu, mphunzitsi wopuma ntchito. Dzina ndalisunga. Akuti iwo ndi anzawo asanu ndi mmodzi anayambitsa kagulu kosunga mbiri ya dera lawo, amakumana m'kalasi ina Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, koma chaka chatha popanda chooneka. Funso lawo ndi ili: "Tikufuna kumanga kanyumba kosungiramo zinthu zakale koma ndalama tilibe. Ena akuti tilembe pulopozo ku mabungwe akunja, ena akuti tichite big walk. Anthu ayamba kujomba chifukwa pamsonkhano palibe ngakhale Fanta. Tichite chiyani kuti anthu akuno aone kuti zinthuzi ndi zawo, nanga ndalama tizipeze bwanji?"

Aphunzitsi, zikomo pondikhulupirira. Yankho langa mwina silikukomerani poyamba: nyumbayo iyambe yadikira.

Dothi loumbira njerwa lidzakhalapo chaka chamawa ndi chinacho. Amene sadikira ndi agogo aja. Njala ya 1949 inasautsa kwambiri boma la Blantyre, midzi yozungulira kwanuko ili momwemo, ndipo mwana amene anali ndi zaka 10 nthawi imeneyo lero wadutsa zaka 85. Atsala angati m'midzi mwanumo amene angakuuzeni zomwe ankadya, komwe amuna analowera, ndi nyimbo zomwe amayi ankaimba pamtondo podandaula za amuna othawa mabanja? Nanga amene anagwidwa pa 3 March 1959 n'kukatsekeredwa ku Kanjedza? Amene anathamangira ku Chileka pa 6 July 1958 kukaona Kamuzu akutsika ndege? Ngakhale za posachedwapa, za riferendamu ya pa 14 June 1993 ija ya nyali ndi tambala wakuda, ana a sekondale lero amazimva ngati nthano za kalulu. Chuma cha gulu lanu chili m'mitu ya anthu amenewa, ndipo maliro alionse amene mukumva belu lake akuchepetsa chumacho.

Ntchito imeneyi sifuna bajeti. Foni yokhala ndi malo okwanira, kope, cholembera, paketi ya shuga ndi sopo wopatsa agogo, basi.

Ndikuuzeni za agogo ena a ku Chirimba amene ndinacheza nawo zaka zingapo zapitazo. Ndinafika ndi mafunso olemba bwinobwino papepala, n'kuyamba ndi lakuti, "Agogo, tatiuzeni mbiri ya kuno." Theka la ola linathera pa kudandaula mtengo wa feteleza. Nditatsala pang'ono kutsanzika, ndinaona sutikesi yachitsulo pansi pa tebulo n'kufunsa kuti inachokera kuti. Anaikoka okha, n'kuitsegula. Munali kabuku ka ulendo kong'ambika m'mphepete, lamba wachikopa wouma gwa, ndi chithunzi chojambulitsa mu situdiyo ku Johannesburg, iwo atavala chipewa chopendekera, mwendo wina atausanjika pampando. Foni yanga ndinaitsamiritsa pa chitini cha shuga, ndipo anayankhula maola awiri osapuma: momwe ankawayezera pa sikelo asanawalembe ntchito, mdima wa pansi pa mgodi, chilankhulo cha kumigodi chija, ndi momwe anamvera za ndege ya Wenela imene inagwa ku Francistown mu April 1974 n'kupha Amalawi 74, boma n'kuletsa kulemba anthu opita kumigodi. Akazi awo anali kukhitchini, koma nthawi ndi nthawi ankaponya mawu: "Bodza limenelo, ndalama simunkatumiza mwezi uliwonse!" Mbali ya agogo aakaziwo ndi imene ndimaikonda kwambiri pa zonse zomwe ndinajambula tsiku limenelo. Achinyamata ambiri amene amakwera basi pa Wenela sadziwa n'komwe kuti dzinali ndi la bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za kumigodi.

Choncho musamafunse "mbiri". Funsani za chinthu chogwirika: mtondo uwu anasema ndani, chipsera ichi munachipeza bwanji, mtengo uwu unadzalidwa liti. Ndipo pemphani chilolezo foni isanayambe kujambula, mawu awo ovomera amveke koyambirira. Pali nkhani zina, makamaka za nthawi ya chipani chimodzi, zimene zimatchula amene ananenera anzawo kwa a Payoniya kapena a Yufi, pomwe zidzukulu za mbali zonse ziwiri zikutunga madzi pa mjigo umodzi. Zoterezo sungani, musaziponye pa WhatsApp. Za kudambwe ndi kutsimba zili ndi eni ake; akakana, akana.

Chilichonse chomwe mwajambula chikhale malo atatu osiyana, kumodzi kukhale kwa munthu wokhala kutali ndi Lunzu. Moto umene unatentha maofesi a boma ku Zomba mu 1919 unapsereza mafailo ambiri a zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda, ndipo mpata umenewo ofufuza akulimbana nawo mpaka lero. Tonse tinaona mu March 2023 momwe namondwe wa Freddy anakokololera nyumba ku Chilobwe ndi m'munsi mwa phiri la Soche. Amene anapulumuka anataya ndi zithunzi zomwe za makolo awo. Kanyumba kamodzi kosungiramo zonse, denga likadontha kapena chiswe chikalowa, ndiye kuti mwasonkhanitsira chiswecho chakudya.

Tsopano za ndalama. Ndiyambe ndi manyazi anga.

Ndinakhalapo mu komiti ya kagulu kofanana ndi kanu, ndipo tinaganiza zochita mgonero wapamwamba pa hotelo ina mumzinda wa Blantyre muno. Tinasindikiza matikiti okongola, tinaitana mlendo wolemekezeka, tinabwereka suti. Matikiti ambiri anthu anatenga pangongole, "tidzapereka mwezi ukatha". Mlendo uja anafika mochedwa, analankhula bwino zedi za kufunika kwa chikhalidwe, n'kulonjeza ndalama zomwe tinaombera m'manja titaimirira. Lonjezolo likuyendabe m'njira mpaka pano. Titalipira hoteloyo, oimba ndi wojambula, tinapeza kuti aliyense wa mu komiti ayenera kusonkha za m'thumba kuti tibweze ngongole. Chikomekome cha mkuyu. Cholakwa sichinali cha mlendoyo ayi, chinali chathu: tinkapempha anthu kuti apereke ndalama pa chinthu chomwe sanachionepo.

Anthu akuno si ouma manja. Taonani zomwe zimachitika pa perekaniperekani wa ukwati, pa Paper Sunday kutchalitchi, kapena maliro akagwa. Munthu amapereka pomwe pali dzina lake, mbale wake, mudzi wake kapena mpingo wake. Mawu akuti "kusunga mbiri" sakhudza mtima wa wogulitsa tomato pamsika wa Lunzu. Koma muonetseni chithunzi cha amayi ake ali mtsikana, atavala yunifomu ya kwaya, muone ngati sakumasula kansalu kandalama.

N'chifukwa chake chochitika chanu choyamba ndikanakonda chikhale tsiku la zithunzi. Lengezani m'matchalitchi, kumzikiti ndi kudzera kwa mafumu kuti aliyense abwere ndi chithunzi chakale, khadi la chipani, chiphaso cha msonkho, satifiketi ya ubatizo, ndalama za mapeni ndi mashereni zomwe zinkagwira ntchito kwacha isanabwere mu 1971. Ikani tebulo pamthunzi, mtsikana mmodzi azijambula ndi foni, wina azilemba kuti ali pachithunziwo ndani, kunali kuti, chaka chanji. Chinthucho mwini wake abwerere nacho pompopompo. Apa musaphonye: anthu amaopa kubwereketsa chithunzi chimodzi chokhacho cha malemu bambo awo, ndipo akulondola. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, sindikizani zabwino kwambiri zija zikuluzikulu, muzipachike pa chingwe mu holo ya sukulu kapena ya mpingo, muitane dera lonse. Pakhomo pakhale kandalama kochepa koti aliyense akwanitse, ana a sukulu alowe ulere. Kenako pezani mwamuna kapena mayi wapakamwa pothwa, wa mtundu uja amayendetsa maukwati, aziitana mudzi ndi mudzi, banja ndi banja, kuti adzasupe chithunzi cha kwawo nyimbo zakale zikulira. Agogo awiri kapena atatu akhale kutsogolo afotokoze okha. Mpikisano wa midzi pa lichero la ndalama mukuudziwa bwino kuposa ine.

Zithunzi zomwezo zikhoza kukhala kalendala ya chaka chotsatira, mabizinesi apamsika n'kulipira kuti mayina awo alembedwe m'munsi. Nsalu yosindikiza imagulidwa kwambiri, tonse timaona momwe imayendera pa Mulhako wa Alhomwe ku Chonde, koma imafuna ndalama zambiri poyambira, choncho isiyeni kaye. Kwa eni mashopu pemphani zinthu m'malo mwa ndalama: wina abwereke mipando, wina zokuzira mawu, wina asindikize mapepala. N'kosavuta kuti munthu akubwerekeni jenereta kusiyana n'kuti atulutse ndalama m'kabati.

Musaiwale ana a kwanuko amene ali ku Lilongwe, ku Johannesburg, ku Cape Town ndi kwina. Amenewa ndi amene amalira kwambiri akamva mawu akumudzi. Atumizireni kachidutswa ka mphindi ziwiri ka agogo akuimba nyimbo ya pamtondo, eni ake atavomera, m'munsi mwake muike nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ndi chomwe mukufuna kugula, mtengo wake womwe. "Tikufuna ndalama zosindikizira zithunzi 40" imamveka kuposa "thandizani gulu lathu".

Big walk siyoipa, koma aliyense akuchita yomweyo, kuyambira kwaya mpaka timu ya mpira, ndipo imafuna kudziwitsa akhonsolo ndi apolisi. Ngati mukufuna kuyenda, yendani ndi ana a sukulu m'dera lanu lomwelo, gogo mmodzi akuwalozera pomwe panali sitolo yoyamba, pomwe pankachitikira milandu, chitsime chomwe sichinaphwe chaka cha njala. Makolo a anawo adzamva nkhani zimenezi madzulo omwewo pa nsima.

Pomwe magulu ambiri amafera si posowa ndalama, koma ndalama zoyamba zikangolowa. Tengerani chitsanzo pa kope la chipepeso pamaliro: aliyense wopereka amalembedwa, ndipo zonse zimawerengedwa pagulu anthu akumva. Chitani chimodzimodzi. Ndalama ziwerengedwe pamaso pa anthu tsiku lomwelo, lipoti limatidwe pakhoma ndi kutumizidwa pa gulu la WhatsApp, malisiti asungidwe. Nambala yolandirira ndalama isakhale ya foni ya wapampando yomwe amagulirapo magetsi akunyumba kwake. Mukatsegula akaunti, osayinira akhale atatu, ndipo pasakhale awiri a banja limodzi. Ine sindingalimbikitse zoti ndalama za gulu zilowe mu banki mkhonde kuti "ziswane". Tsiku lomwe wina adzalephere kubweza, mudzakhala mukukambirana ngongole m'malo mwa mbiri. Komanso musaunjike ndalama zaka zambiri podikira nyumba. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene ankasungira malata anadzuka ndalama zawo zikugula ochepa. Sonkhetsani pa chinthu chimodzi, chigulidwe, anthu achione, kenako mupite pa china.

Za pulopozo, nthawi yake idzafika. Mabungwe amafuna kuona malamulo oyendetsera gulu, kalembera, ndi umboni wa zomwe mwachita kale ndi manja anu. Pitani ku ofesi ya khonsolo ya boma mukafunse za kulembetsa ngati gulu la m'dera. Koma ndikuchenjezeni, ndalama za mabungwe zimabwera ndi matenda a alawansi. Anthu akangozolowera kusayinira envelopu, ngakhale agogo amayamba kufunsa kuti "mundipatsa zingati" musanatsegule pakamwa, ndipo thandizolo likatha gulu limatha nalo.

Musanachite chilichonse mwa izi, kagwadeni kwa mafumu, kuyambira anyakwawa, magulupu, mpaka kwa a Kapeni. Si mwambo chabe. Amishoni a ku Scotland atafika mu 1876, malo omwe anamangapo Blantyre Mission anawapeza kudzera kwa mfumu Kapeni, komabe zambiri zomwe zinalembedwa za mzinda uno zimasimba za obwerawo: David Clement Scott ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels chomwe chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, John Moir ndi magalasi ake amene anabala dzina la Mandala. Amene anaumba ndi kuotcha njerwa za tchalitchicho, mayina awo ndi ochepa amene timawadziwa. Mbali imeneyo ili m'mabwalo a mafumu ndi m'makonde a agogo, kwanuko.

Tsiku lina kwerani minibasi nonse asanu ndi awiri mubwere m'tauni. Pitani ku Mandala House, nyumba ya mu 1882 ija. M'chipinda chapamwamba muli laibulale ya Society of Malawi, bungwe lomwe linayamba mu 1946 ndipo lakhala likutulutsa magazini yake ya mbiri kuyambira 1948. Mukaone nokha kuti bungwe la zaka zonsezi likugwirira ntchito m'nyumba yomwe silinamange lokha. Funsani zomwe ali nazo zokhudza dera lanu, mapu ndi zithunzi zomwe. Mukatero mudutsire ku Chichiri Museum mukacheze ndi ogwira ntchito kumeneko za kasungidwe ka zinthu. Iwowa ndi amenenso muyenera kuwadziwitsa wina akapeza mbiya zakale, mikanda kapena mafupa polima. Zoterezo zili ndi lamulo lake, musakumbe nokha.

Za Fanta zija, amene anachoka chifukwa cha botolo asiyeni apite, asanu ndi awiri ndinu okwanira. Koma misonkhano ichoke m'kalasi. Mwezi uliwonse muzikumana pakhonde la gogo wina, wina abwere ndi thobwa, wina chinangwa chophika, ndipo msonkhanowo ukhale kucheza komweko foni ikujambula. Tengani achinyamata awiri kapena atatu odziwa mafoni, muwapatse udindo weniweni, osati wonyamula mipando.

Loweruka likubwerali, lembani mayina khumi a anthu akale kwambiri m'dera lanu, muyambire amene thupi lawo lafooka kuposa onse. Tsiku la zithunzi likapsa mundilembere, ndili ndi kamakina kojambulira mapepala komwe kakungodya fumbi pa shelefu. Ndidzabwera nako, bola mundisungire chikho cha thobwa.