Inde, Subaru inachokera kwa munthu wopanga ndege

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti kampani ya Subaru inayamba ndi ndege, kapena ndi nkhambakamwa za ogulitsa magalimoto. N'zoona ndithu. Mwini nkhaniyi ndi Chikuhei Nakajima, ndipo mundilole ndimufotokoze bwinobwino, chifukwa ambiri timangodziwa baji ya nyenyezi ija osadziwa kumene inachokera.

Anabadwa mu 1884 ku Ojima, m'chigawo cha Gunma ku Japan, mwana wachisamba wa mlimi. Anaphunzira za injini kusukulu ya asilikali a pamadzi n'kuyamba ntchito pa sitima za nkhondo. Mu 1912 akuluakulu ake anamutumiza ku America, ku kampani ya Glenn Curtiss, kuti akaphunzire kapangidwe ndi kakonzedwe ka ndege. Iye sanalekere pomwepo, anaphunziranso kuiulutsa. Chaka chomwecho ndi chimene asilikali a pamadzi a Japan anaulutsa ndege zawo zoyamba ku Oppama, pafupi ndi Yokosuka, ndege zotera pamadzi zochita kugula ku France ndi ku America. Atabwerera kwawo anagwira ntchito ku Yokosuka komweko, m'kagulu kochepa ka anthu amene ankapanga ndege zoterezi ndi manja awo.

Apa ndi pamene munthuyu amandigwira mtima. Nthawi imeneyo ulemu wa dziko unali pa zisitima zikuluzikulu zamizinga, ndipo ndalama zinkathera kumeneko. Nakajima ankati Japan ndi dziko losauka, silingapikisane ndi mayiko olemera pomanga zisitima, pamene ndalama za sitima imodzi zingapange ndege zankhaninkhani zotha kumiza sitimayo. Ankadandaulanso kuti m'boma zinthu zimayenda mwa kamba: umayembekeza bajeti ya chaka chamawa kuti usinthe kanthu kamodzi pa ndege, anzako kunja atapita kale patsogolo. Choncho mu 1917 anatula pansi udindo wake, ali ndi zaka 33, n'kubwerera kumudzi kukatsegula kafakitale kake ndi anthu owerengeka chabe. Taganizirani, kusiya ntchito ya boma yaulemu wake n'kukayamba chinthu chimene anthu ambiri a m'deralo anali asanachikhudzeko n'komwe.

Poyamba zinamuvuta kwambiri. Ndege zake zoyambirira zinkagwa kapena kuwonongeka poyesa. Mu 1918 mpunga unakwera mtengo mpaka anthu anachita zipolowe m'Japan monse, ndipo kwawoko anthu ankamunyoza kuti mpunga ukukwera, chilichonse chikukwera, ndege za Nakajima zokha ndiye sizikukwera. Mu 1919 zinthu zinatembenuka. Ndege yake inauluka bwino, inapambana mpikisano wonyamula makalata pakati pa Tokyo ndi Osaka, ndipo asilikali a pamtunda anayamba kumugula. Chaka chomwecho anasiyana ndi Seibei Kawanishi, wabizinesi amene ankamuthandiza ndi ndalama, yemwe pambuyo pake anakayambitsa kampani yakeyake ya ndege.

Kenako analowa ndale. Anasankhidwa kukhala phungu mu 1930, anasiyira mng'ono wake kampani, ndipo mu 1937 anakhala nduna ya za njanji.

Koma sindingakubisireni mbali yolemera ya nkhaniyi. Maganizo ake aja anakwaniritsidwa ndi magazi a anthu. Ndege za mtundu wa B5N zimene zinaponya mabomba ku Pearl Harbor, doko la sitima za nkhondo za America, mu 1941 pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, zinali za Nakajima. Ndege ya nkhondo yotchuka ya Japan yotchedwa Zero inali ya Mitsubishi, koma injini yake, yotchedwa Sakae, inali ya Nakajima, ndipo mafakitale a Nakajima anapanga ma Zero ambiri kuposa eni akewo. N'chifukwa chake pa 24 Novembala 1944 ndege za America za B-29 zinalunjika fakitale yake ya injini ya ku Musashino, kufupi ndi Tokyo. Nkhondo itatha anamuika m'gulu la oganiziridwa milandu ikuluikulu ya nkhondo, koma sanazengedwe mlandu, ndipo anamumasula mu 1947. Anamwalira mu 1949 ali ndi zaka 65, asanaone galimoto ya Subaru ngakhale imodzi.

Nanga magalimoto analowa bwanji? Japan itagonja, inaletsedwa kupanga ndege, ndipo kampaniyo inagawidwa tizidutswa. Mainjiniya amene anazolowera ndege anayamba kupanga zimene anthu ankasowa, monga kanjinga kamoto kotchedwa Rabbit ndi matupi a mabasi. Mu 1953 zidutswa zisanu zinagwirizana n'kukhazikitsa Fuji Heavy Industries, ndipo mu 1958 anatulutsa kagalimoto kakang'ono ka Subaru 360. Subaru ndi dzina la Chijapani la kagulu ka nyenyezi kumwamba, ndiye tinyenyezi tisanu ndi yaikulu imodzi pa baji paja. Dzina la kampani yonse linasinthidwa kukhala Subaru mu 2017.

Fakitale yawo yaikulu ya magalimoto ili ku Ota, ku Gunma komwe kuja, ndipo Ojima, kwawo kwa Nakajima, lero ndi mbali ya mzinda wa Ota umenewo. Ngati Forester kapena Impreza yanuyo munaitanitsa ku Japan, inapangidwa m'chigawo chimene anthu ankamuseka kuti ndege zake sizikwera.